Vinyo M'ngolo ya Maliro a Twaibu

Amene sanaperekezepo maliro kuchokera ku Kepi mpaka kwathu ku Nkhotakota asandiuze za kutalika kwa msewu. Ine ndinawaperekeza, ndipo anali maliro a mng'ono wanga Twaibu, wa bere limodzi ndi ine. Dzina langa ndine Rajabu, telala. Nthawi imeneyo ndinkasoka makatani pa shopu ya mmwenye wina mumzinda wa Cape Town, pomwe Twaibu ankagwira ntchito kumapiri, pa esiteti ina ya mphesa.

Kumudzi ankadziwa zomwezo basi, kuti Twaibu amalima mphesa. Sitinawanamize, koma sitinawauze zonse. Esitetiyo inali yotchuka ndi vinyo woyera, uja wosatsekemera, amene azungu amachita kukwerera ndege kuti adzamulawe. Ndinawaonapo tsiku lina nditapita kukacheza: amathira pang'ono m'tambula, kuzunguza, kulowetsamo mphuno ngati galu pa una wa mbewa, kumwa, kenaka n'kulavulira m'chidebe. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Twaibu anayambira kumunda kuthyola mphesa, koma ataona khama lake anamukweza, n'kumulowetsa m'nyumba yofululira vinyoyo, momwe ankatsuka mathanki ndi migolo. Msilamu, mwana woleredwa ndi malume athu Shehe Saidi! Ankalumbira kuti sanalawepo ndi dontho lomwe, ndipo ine ndinkamukhulupirira.

Mathankiwo ndi amene anamudya. Vinyo akamawira amatulutsa mpweya wolemera, wosaoneka, umene umatsalira pansi pa thanki ngakhale vinyoyo atamuchotsa. Twaibu anatsikiramo mpweyawo usanathe, ndipo anzake anamuvuula atatisiya kale.

Poimba foni kumudzi ndinangoti wakomoka kuntchito ndipo sanadzukenso. Malume analamula kuti timuike komweko msanga, monga mwa chipembedzo chathu. Mayi anakana. Anasiya kudya, n'kumangoti, "Bambo ake ndinawaika ndikuona, nayenso ndimuone." Malume anagonja, koma mawu awo pa foni anali ouma ngati chingwe cha khonje.

Mantha anga anali pamodzi. Chaka cha m'mbuyo mwake msodzi wina wa kumathero kwa mtsinje wa Bua anamira ataledzera kachasu. Malume anakana kumuswalira, kutsogolera pemphero lathu la maliro. Anamuika abale ake okha, kumphepete kwa manda, kuminga, ndipo mayi ake mpaka lero amayenda chowerama. Malume si munthu waukali, salankhula mokweza, koma akati ayi ndiye kuti ayi. Akanamva kuti Twaibu wafera m'thanki ya vinyo, mng'ono wanga sakanagona pafupi ndi bambo athu. Ntchito yanga pa ulendo wonsewo inali imodzi: kumufikitsa kwawo nkhaniyo isanafike.

Asilamu anzathu a ku Kepi anamusambitsa, anamuveka sanda, nsalu yoyera ija, n'kumuika m'bokosi lamatabwa opyapyala loyendera pamsewu. Mwini esiteti anali munthu ndithu, zambiri anatithandiza. Tsiku lonyamuka tinadzera pa esitetipo kuti anzake a Twaibu atsanzikane naye. Mkazi wa mwini esitetiyo anatuluka akulira, kumbuyo kwake wantchito atanyamula kabokosi kamatabwa, m'kati mwake muli mabotolo ogonekedwa pa udzu. Anati ndi vinyo wabwino koposa wa m'migolo imene Twaibu ankasamala, ndipo kwawoko umu ndi momwe amalemekezera wantchito wa m'nyumba yofululira akamwalira. Kwa iwo chinali chipepeso chachikulu. Ndinathokoza ndi manja awiri, n'kufotokoza kuti kwathu sitingalandire, ndipo ndinakasiya pakhonde.

Sindinaone kuti maso a dalaivala wathu anali pomwepo.

Dalaivalayo anali a Chirwa, Mtonga wa ku Dwangwa, amene ntchito yawo inali kuyendetsa minibasi yokoka ngolo pakati pa Joni ndi kumudzi: anthu, katundu, maliro, chilichonse cholipira. Munthu wa malaya ositidwa nthawi zonse, ngakhale pakati pa fumbi, komanso wa pakamwa potsekemera. Aliyense ankamuitana kuti "ada".

Chigawo choyamba cha ulendo sindichikumbukira bwino. Mapiri ndi mizere ya mphesa zinatha, tinalowa m'dziko louma lopanda mtengo, lopanda munthu, msewu wowongoka ngati ulusi. Ku Joni ndiye tinakhalitsa, kudikira apaulendo ena ndi katundu wawo. Ndinakhala pansi nditatsamira tayala la ngolo, kuonerera anyamata akulongedza: bokosi la Twaibu pakati, m'mbali mwake matiresi, zidebe, njinga, mabulangete, pamwamba lona womangidwa ndi zingwe. Zinandiwawa kuona mbale wanga akupanikizidwa ngati thumba la mpunga, koma maliro a mmphawi amayenda choncho.

Pomwepo anakwera mayi NaNgondo, mzimayi wa ku Salima wogulitsa mabulangete, wonenepa, wa mawu a mwamuna. Anakhala pafupi nane. Atamva kuti malirowo ndi anga anandipepesa bwinobwino, n'kundigawira chipwete.

Pa Beitbridge tinapsa ndi dzuwa pa mzere wa magalimoto. Aliyense anali ndi thukuta mpaka m'nsapato, mwana wina akulira osatonthola. Mapepala a maliro anadutsa m'manja ambiri, koma ngolo yathu akuluakulu a pachipata sanaigwire kwenikweni. Anangotukula lona pang'ono, kuona bokosi, kuvula chipewa, n'kutiuza kuti tizipita. Tikukwera pa mlatho mayi NaNgondo anandigunda ndi chigongono.

"Achimwene, muuzeni mnzanuyo kuti tikuwoloka Limpopo."

"Ife sitilankhula ndi akufa, mayi. Timangowapempherera."

"Kaya zanu izo. Koma maliro osauzidwa njira amakana kuyenda."

Potsika pa mlathopo ngolo inadumpha pa chitunda, ndipo ndinamva kaphokoso kumbuyo: ngwee, ngwee. Ndinadziuza kuti ndi mbale za wina.

Titadutsa Masvingo tayala la ngolo linaphulika. Minibasi inavina uku ndi uku, azimayi kukuwa, mpaka a Chirwa anaiimitsa m'mbali mwa msewu pakati pa tchire. Mayi NaNgondo anangondiyang'ana n'kumanga bwino chitenje chawo. Kuti jeke inyamule ngolo panafunika kutsitsa katundu wina. Anyamata anamasula lona, kuchotsa matiresi awiri, ndipo mtima wanga unangoti mphwii. Kabokosi kaja kanali pamwamba penipeni pa bokosi la Twaibu, chakumutu.

Ndinawakokera a Chirwa kuseri kwa mtengo.

"A Chirwa, ichi n'chiyani?"

"Ada, musatekeseke. Inu munakana, ine ndinatola. Chotayidwa chilibe mwini."

"Pamutu pa m'bale wanga?"

"Pamenepo ndiye pabwino, ada. Pachipata palibe amene amasanthula pali maliro. Ku Ngala kuli malo ogona alendo, mzungu wake vinyo ameneyu amamudziwa, akangoona dzina lokha pabotolo adzavina. Ndidzakugawiraniko."

"Wallahi, sindifuna ngakhale tambala. Tsitsani pompano."

Anaseka, koma maso awo sanaseke. Anati galimoto ndi yawo, ndipo ngati ndikufuna kutsitsa bokosi nditsitse langa. Ndinayang'ana tchirelo, dziko la eni, chilankhulo sindichidziwa, mapepala a maliro ali m'thumba mwawo. Chomwe ndinapambana n'chakuti kabokosiko anakachotsa pamwamba n'kukaika pambali, ndipo analonjeza kuti akakasiya kwa mnzawo wina pa Salima. Koma tisanafike pachipata cha Nyamapanda anaimanso ngati akumanga zingwe, ndipo ndinadziwa kuti akabwezera pomwe paja.

Kuyambira pamenepo khutu langa linasamukira kungolo. Bampu iliyonse, ngwee. Dzenje lililonse, ngwee, ngwee. Anthu ankacheza za mitengo ya zinthu ku Joni, za mabwana oipa, za mvula ya kumudzi, ine ndikungomva mabotolo akugundana pamutu pa Twaibu.

Ku Tete kunatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Tinadikira nthawi yaitali kuti tikwere pa mlatho wa Zambezi, ndipo ntchentche zinayamba kuunjikana pa lona. Mayi NaNgondo anatsika, anathyola kanthambi, n'kumaziingitsa okha popanda wowapempha. Nawonso anali ataona kabokosi kaja, ndipo ndinawafotokozera zonse chifukwa mtima unali utadzaza. Tikuwoloka ndinangozindikira milomo yanga ikuyenda yokha. Ndinanong'ona kuti, "Twaibu, uyu ndi Zambezi. Tatsala pang'ono, pirira." Astaghfirullah, ndinalankhula ndi wakufa, ine amene ndinkaitana anthu ku swala, mapemphero a kumzikiti, ndikakhala kumudzi.

Titalowa m'dziko lathu pa Dedza foni yanga inadzuka, ndipo woyamba kuimba anali malume.

"Rajabu, muli pati?"

"Tangolowa kumene, malume."

"Manda akumba kale, pafupi ndi bambo ako. Anthu agona pano masiku ambiri, mpunga wa mayi ako watha. Mufike dzuwa lisanapendeke, timuike lero lomwe."

Inali nyengo ya mvula. Ku Kepi amathyola mphesa kwathu kukugwa mvula ya mpunga. Tinatsika phiri la ku Golomoti muli nkhungu, mabuleki akununkha, ngolo ikukankha minibasi kumbuyo ngati ikufuna kutipitirira. Pa khona ina tinapeza lole itagona chammbali, matumba a makala ali mbwee mumsewu, anthu ataimirira duu osatola.

Pa Salima anthu ambiri anatsika. Ndinawakumbutsa a Chirwa lonjezo lawo. Anaimba foni, kuimbanso, kugwedeza mutu.

"Sakuyankha, ada. Mwina ali kutchalitchi."

"Lero si Lamulungu."

"Ndiye kaya ali kumaliro."

Mayi NaNgondo atatsitsa mabulangete awo anabwera pawindo. Anagwira dzanja langa, chinthu chimene mzimayi wachilendo sachita kwa ife, koma sindinalichotse.

"Achimwene, mwana wa mayi anu sakufuna kulowa m'mudzi ndi zinthu zimenezo. Tayala lija silinaphulike lokha. Chitanipo kanthu."

Kenaka anatembenukira kwa a Chirwa. "Inu dyera lidzakuphetsani, ndi malaya anu ositawo."

Tinalowa msewu wa kunyanja titatsala ochepa. Ndinachonderera pa Khombedza, a Chirwa anati pali anthu ambiri. Ndinachonderera pa Benga, anati pali apolisi pafupi. Pa mlatho wa Chia ndinawauza kuti angoima pang'ono ndikaponye ndekha m'madzi. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ada, mukudziwa mtengo wa botolo limodzi? Komanso onani ogulitsa nsombawa. Aone munthu akuponya bokosi m'madzi kuchokera m'ngolo ya maliro, adzati chiyani? Adzati tikutaya ziwalo za munthu. Tifera pompano."

Pamenepo ananena zoona, ndipo zinandipweteka kuti ananena zoona. Anandilonjezanso: tikadutsa pa boma, pali nyumba ya mlamu wawo m'mbali mwa msewu, akasiya pamenepo n'kudzatenga pobwerera.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Titangolowa pa boma la Nkhotakota, pafupi ndi msika, ndinaona amuna awiri achikulire ovala mikanjo ndi zikofia akutiimitsa. Anali akuluakulu a mzikiti wa kwathu, a Mdala Asani ndi mnzawo wina, otumidwa ndi malume kudzachingamira maliro. Anandikumbatira, anapita kungolo, anaika manja pa lona n'kupemphera. Kenaka anakwera. A Mdala Asani anakhala kutsogolo, pafupi ndi a Chirwa. Nyumba ya mlamu ija tinaidutsa osachepetsa liwiro. A Chirwa anandiyang'ana pagalasi, ine ndinayang'ana kunja.

Msewu wochoka pa boma kupita ku Bua nthawi imeneyo unali wachabechabe. Phula linadyeka m'mbali n'kutsala kamzere pakati, maenje odzaza madzi, ndipo malole a shuga ochokera ku Dwangwa sapatuka, wopatuka ndiwe. Akuluakulu aja anayamba kuwerenga mapemphero motsitsa mawu, ndipo ine ndinkawatsatira mokweza dala kuti ndiphimbe phokoso la kumbuyo. A Mdala Asani anatembenuka n'kunena kuti, "Mashallah, Joni sinakuwonongeni." Ndinkafuna nthaka ingondimeza.

Tisanafike pa mlatho wa Bua tinapeza magalimoto ataima. Kamtsinje kena kanali katakokolola msewu, ndipo aliyense ankatsikira kumunsi, kuwoloka pamchenga, n'kukwera tsidya linalo. Anyamata a m'deralo ankalozera njira, kukankha otitimira. Tinadikira nthawi yathu, mvula ikuwaza. Malume anaimbanso, ndinawauza kuti tili pafupi.

A Chirwa anatsetsereka bwinobwino. Minibasi inalowa m'madzi, inawoloka, inayamba kukwera. Ngolo ndiyo inapeza dzenje limene palibe analiona. Tayala la kumanzere linamira, ngolo inapendekeka, n'kumenyetsa pansi mwamphamvu. Ndinamva phwaa, kenaka tizidutswa tikuyoyoka.

"Inna lillahi!" anatero a Mdala Asani. "Bokosi lija?"

"Ndi mbale za anthu, ada, mbale chabe," anayankha a Chirwa.

Tonse tinatsika. Pansi pa ngolo pankadontha madzi. Akanakhala vinyo wofiira bwenzi zonse zitathera pomwepo, koma uyu anali woyera, wosasiyana ndi madzi a mvula otsika pa lona. Palibe anakayika. Kafungo kokha ndiko kanayamba kuyenda, kabwino ndithu, kozizira. Mkulu winayo anakoka mpweya n'kuyang'ana m'tchire.

"Magwafa apsa kale kuno?"



Ngolo inakana kutuluka. Anyamata anakankha, anakumba, anaika miyala, matayala akungozungulira pamodzi. Wina anathamangira kukaitana thirakitala. Tili chidikirire mvula inakata, dzuwa linatuluka lamphamvu, lona anayamba kufuka nthunzi. Fungo la magwafa lija linasintha pang'onopang'ono, linayamba kuwawasa, kufanana ndi la pakhomo pofulula mowa m'mawa. Mnyamata wina wokankha ananunkhiza, n'kuseka, n'kunong'oneza mnzake.

Apa ndinachita chinthu chopusa. Ndinabwereka chidebe, ndinati ndikutsuka matope kuti maliro asafike akuda, n'kuyamba kukhuthulira madzi a mumtsinje pa lona, makamaka chakumutu, pomwe panali pong'ambika. Ndinkaganiza kuti ndikutsuka vinyo. Sindinaganize kuti matabwa opyapyala aja amamwa madzi, ndi kuti chidebe chilichonse chikukankhira vinyoyo m'kati. A Mdala Asani anandigwira paphewa, anati, "Basi mwanawe, wamukonda mokwanira m'bale wako."

Thirakitala inatikoka dzuwa litayamba kupendeka. Tinawoloka Bua, wodzaza, wofiira, atanyamula mitengo yathunthu. Nthawi ino sindinamuuze kanthu Twaibu, ndinalibe nkhope yolankhulira naye. Tinapatuka kulowa kamsewu kafumbi kopita kunyanja, pakati pa minda ya mpunga. Ana anatiwona n'kuthamangira kumudzi. Tisanafike n'komwe tinamva kulira kwa azimayi kukukwera.

Pakhomo panali anthu osaneneka. Amuna anadzaza pansi pa mitengo ya mango, azimayi kuseri kwa nyumba. Mawu a mayi ndinawazindikira pakati pa onsewo. Minibasi itaima ndinalumpha kuti ndikafike kungolo ndisanapitiriridwe, koma achinyamata a mumzikiti anali atayamba kale kumasula zingwe. Anakoka lona kamodzi.

Fungo linatuluka ngati munthu amene anatsekeredwa. Oyandikira anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Matiresi atachotsedwa, zonse zinali poyera: kabokosi kophwanyika, udzu wonyowa, magalasi obiriwira ali mbwee pamwamba pa bokosi la Twaibu, ndi mabotolo angapo amoyo akugubuduka. Kulira kwa kuseri kunapitirira, koma kuno kwa amuna kunangoti zii.

Malume anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Analamula kuti bokosi alitsitse, alilowetse m'chipinda, alitsegule. Ndinawatsatira. Sanda ya Twaibu inali yonyowa kuyambira kumutu mpaka pachifuwa, yoyera bwinobwino, yopanda banga. Malume anawerama, anagwira nsaluyo ndi zala ziwiri, n'kuzifikitsa pamphuno. Anatseka maso.

Kunja kunabuka phokoso. Titatuluka tinapeza achinyamata atawagwira a Chirwa pa kolala, atawakanikiza pa minibasi. Wina ananyamula nkhafi yopalasira bwato, wina ankakuwa kuti abweretse petulo. Malaya aja anali atang'ambika.

"Mwathira mowa pa maliro a Msilamu! Galu iwe!"

Malume anakweza ndodo, phokoso linatsika.

"Bambo, mowawu ndi wanu?"

A Chirwa anali akutuluka magazi pamlomo. Anayang'ana nkhafi ija, anayang'ana ine.

"Si wanga, ada, ndikulumbira! Ine ndangonyamula. Unachokera konko, funsani kumene malemuwa ankagwira..."

"Ndi wanga."

Mawuwo anatuluka ndisanawaganize. Anthu onse anatembenuka. Ndinabwereza mokweza kuti ndi kuseri komwe amve.

"Ndi wanga, malume. Ndinagula ndine, ndinabisa ndine. Dalaivalayu musiyeni, samadziwa kuti m'kabokosimo muli chiyani."

"Wogulitsa kapena wakumwa?" anafunsa malume.

Ndikanati wogulitsa akanafunsa kumene ndinaupeza, ndipo funso limabala linzake.

"Wakumwa. Ndinayamba kalekale."

Wina kumbuyo anati, "Subhanallah, Rajabu?" A Mdala Asani anakhala pansi pomwepo, pamatope. A Chirwa anatsegula pakamwa, ndinawayang'anitsitsa, anatseka. Malume anayandikira mpaka ndinamva mpweya wawo.

"Twaibu ankadziwa?"

"Ankadziwa. Ankandiletsa tsiku ndi tsiku."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera ndodo, koma anangotembenuka n'kuuza anthu kuti wakufayo alibe mlandu, wadetsedwa ndi dzanja la wina. Anatuma munthu kukatenga sanda yatsopano, analamula madzi ambiri kuti amusambitsenso. A Chirwa anawamasula. Anakoka ngolo yawo n'kuchoka osatsanzika, ndipo sindinaonanenso nawo.

Posambitsa m'bale wako, wamkulu ndiwe umathira madzi oyamba. Nditafika pakhomo la chipindacho msuweni wanga anaimirira pakhomo osandiyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti sindikuloledwa kulowa. Ndinakakhala pa chitsa kumbali kwa khola la mbuzi. Palibe anabwera kudzakhala nane. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinadziuza choncho, koma mwambi suletsa misozi.

Anamutulutsa pa jeneza, chonyamulira maliro chathu, akununkhira mafuta abwino. Malume anaimirira kutsogolo n'kumuswalira, mizere ya anthu inafika mpaka kumsewu. Ine ndinaima mzere womaliza. Kumanda ndinaona dzenje lili pomwe ananena, pafupi ndi bambo, pamthunzi. Mtima unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chichokere ku Kepi.

Itafika nthawi yotsitsa mtembo, abale ake enieni ndi amene amalowa m'manda kukaulandira ndi kuugoneka. Miyendo inanditenga yokha. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinafika pamphepete. Ndodo ya malume inandigwira pachifuwa, mosakankha.

"Manja amenewo ayi."

Analowa asuweni. Ine ndinamunyamula kudutsa maiko onse aja, koma mikono iwiri yomalizayo anamunyamula ena. Ndinaimirira wopanda nsapato, ndikuonerera dothi likumukwirira.

Anthu atayamba kubalalika, mlongo wanga anabwera kudzandiuza kuti mayi akundifuna. Ndinawapeza atakhala pamphasa m'chipinda chawo, ataonda, maso atatupa. Ndinagwada pakhomo. Ndinali wokonzeka kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa, ndipo zikanandipepukira. Iwo anatambasula dzanja n'kundisisita kumutu monga ankachitira ndili mwana.

"Twaibu ndamuona, wagona pabwino," anatero. "Nanga iwe, mwana wanga, adzakuika pati?"

Choonadi chinafika pammero. Ndinayang'ana pawindo, malume anali panja akutsanzikana ndi anthu, ndipo dothi la pamanda linali lisanaume. Ndinachimeza.

Ku Kepi sindinabwererenso. Ndimasoka pa khonde la sitolo ina pa Dwangwa, ndipo kumzikiti wa kwathu sanandilolenso kuitana swala. Malume anatsogola, ndipo mayi anawatsatira chaka chathachi, n'chifukwa chake nkhaniyi ndayamba kuinena. Mpaka tsiku lawo lomaliza mayi ankadzuka m'mamawa kundipempherera kuti ndisiye chakumwa chimene mpaka lero sindidziwa kukoma kwake.